FUNSANI APHUNZITSI: Ndikufuna udokotala koma force ndi motion zikundizunguza mutu

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa ana a folomu 4 komanso ena amene analemba kale MSCE koma akubwereza kuti akonze mapointsi, ndipo pafupifupi onse akulira chinthu chimodzi, fizikisi. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo, mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 17, ndimakhala ku Area 25 ndipo chaka chino ndikulemba folomu 4. Chiyambire ndili wamng'ono ndimafuna udokotala. Bayoloje ndimakhoza bwino, kemisitili sindidandaula, koma fizikisi makamaka topiki ya force ndi motion imandibalalitsa. Zoona dokotala amafunika kudziwa za ma pulley ndi mabokosi otsetsereka pa thabwa? Sindingangoisiya n'kulimbikira zinazo?

YANKHO: Mwanawe usaisiye, chonde. Choyamba ndi nkhani ya khomo lolowera. Ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, fizikisi ndi limodzi mwa maphunziro amene amayang'ana kwa ofuna udokotala, ndipo ukalowa sukayamba n'kugwira odwala ayi, chaka choyamba ukakumananso ndi masamu, kemisitili, bayoloje ndi fizikisi yomweyi. Ndiye ukaithawa lero ikakupeza kutsogoloko basi.

Koma chimene ndikufuna umve kwenikweni ndi ichi. Zaka zingapo zapitazo mwana wa mchemwali wanga anagwa mu mtengo wa mango n'kuthyoka fupa la ntchafu, ine ndi amene ndinakhala gadiyani pa chipatala china muno mu Lilongwe kwa masabata angapo. Mwendo uja anaumata pulasitala mbali zonse ziwiri kutsika mpaka kuchidendene, kuchokera pamenepo chingwe, chingwecho chikudutsa pa kawilo kumapeto kwa bedi n'kulendewera kathumba ka mchenga. Miyendo ya bedi ya kumapazi anaikweza pa timatabwa moti mwanayo amagona mutu uli chotsika pang'ono. Nditangoona ndinati ichi ndi chithunzi chimene ndimajambula pa bolodi chaka ndi chaka. Minofu ya ntchafu ndi yamphamvu zedi, fupa likathyoka imakoka zidutswa ziwiri zija mpaka zipitirirane, mwendo n'kufupika. Kathumba kaja ntchito yake ndi kukokera mbali inayo. Ngati kali ka 3 kg ndiye kuti kakukoka ndi 30 N (N ndi newton, muyeso wa force, ndipo 1 kg imakoka ndi pafupifupi 10 N), ndipo kawiloko sikawonjezera kapena kuchepetsa 30 N ameneyo, kamangotembenuza kokera, mphamvu yogwera pansi n'kusanduka yokokera mwendo motsata bedi. Nanga kukweza bedi kuja? Akanapanda kutero thumba likanamukoka mwana yense n'kumatsetserekera kumapazi, ndiye amapendeketsa kuti kulemera kwa thupi lake kuzikokera kumutu. Uku kukoka, uko kukoka, zikalingana fupa limakhala phee pamalo pake mpaka kulumikizana.

Usiku wina mayi wina amene amadikirira wodwala pa bedi loyandikana anamva chisoni, anati mwanayu akulemedwa, n'kunyamula kathumba kaja kukakhazika pa mpando. Anachita ndi mtima wabwino. Koma thumba likakhala pa mpando, mpando ndi umene walinyamula, chingwe chimangoti lende, force pa mwendo ija yathera pomwepo. Nesi atabwera ndi tochi sanayang'ane nkomwe nkhope ya mwana kaye, maso ake anapita pa chingwe, n'kuchotsa mpando uja. Iyeyo amadziwa fizikisi, kaya amaitchula dzina lanji. Ndi chimodzimodzi dilipi, botolo amalipachika mmwamba kuti madzi akhale ndi pressure yoposa ya mu mtsempha, ukalitsitsa kufika pansi pa mkono uona magazi akubwerera mu kachubu. Zimenezi ukaziona tsiku ndi tsiku ukadzayamba kuzungulira mmawodi.

FUNSO: Kusukulu anatiuza kuti lamulo loyamba la Newton limati chinthu chikayamba kuyenda sichifunanso force kuti chipitirire. Ine Loweruka ndimapalasa kabaza ya achimwene anga kuno ku Kawale, ndikasiya kupalasa njinga imaima. Ndiye lamuloli si labodza?

YANKHO: Aise, funso lako ndalikonda chifukwa wakana kuloweza chinthu chimene maso ako akutsutsa. Ndipo suli wekha, anthu ophunzira kwambiri ankaganiza choncho kwa zaka pafupifupi 2,000 kutsatira Aristotle wa ku Greece, mpaka Galileo wa ku Italy anayamba kugubuduza timipira pa matabwa n'kuona kuti nkhani siili choncho, kenako Isaac Newton anadzalemba malamulo atatu aja mu 1687.

Njinga yako siima chifukwa choti wasiya kupalasa. Imaima chifukwa pali zinthu zikuikokera mmbuyo zimene sukuziona, matayala akukhuzana ndi msewu, tcheni ndi mabelingi zikukhuzana, mpweya ukukukankha pachifuwa. Iwe wekha ukudziwa kuti ukasiya kupalasa pa tala wosalala, matayala uli utapopa bwino, tcheni uli utathira oilo, umapita kutali ndithu usanaime, pomwe pa msewu wa mchenga wa mmakwalala umaima pompo. Tsopano pitiriza ganizo lomwelo, chotsa kukhuzana konse, chotsa mpweya, chingaimitse njingayo n'chiyani? Palibe. Chombo cha Voyager 1 anachiponya mlengalenga mu 1977, mpaka lero chikupitabe popanda injini yochikankha, chifukwa kumeneko kulibe msewu kapena mpweya woti uchigwire.

Apa ndi pamene ana ambiri amataya malikisi. Ukamapalasa pa liwiro limodzi osawonjezera osachepetsa, mphamvu yopita kutsogolo ndi yofanana ndendende ndi zokokera mmbuyo zija, ukaziphatikiza yankho ndi ziro. Funso likati galimoto ikuyenda pa constant velocity, resultant force ndi ziro, olo ikuthamanga bwanji. Force yotsala siisunga liwiro, imasintha liwiro, kuliwonjezera, kulichepetsa kapena kulikhotetsa. Ndi lamulo lachiwiri limenelo, F = ma, F ndi force yotsala, m ndi mass (makilogalamu), a ndi kufulumira kwa kusintha kwa liwiro. Ukanyamula kasitomala ali ndi thumba la chimanga la 50 kg, miyendo yako ndi yomweyo koma kunyamuka kumavuta, chifukwa m yakula ndiye a yachepa. Ndipo kuimanso kumavuta, mabuleki omwewo amachedwa kugwira.

Kukakamira kwa chinthu pa mmene chilili kumeneko ndi inertia, ndipo umakuona tsiku lililonse. Minibasi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi pa Mchesi anthu nonse mumagwera kutsogolo, palibe wakukankhani, minibasi ndi imene yaima, matupi anu akupitiriza ulendo. Agogo akafuna kulimbitsa khasu amamenyetsa mpini pa mwala, mpini umaima koma chitsulo chimapitirira kulowa. Poti ukufuna za chipatala, ganizira izi, ubongo uli mkati mwa chigaza utazunguliridwa ndi timadzi. Munthu akagwa pa njinga mutu n'kumenya pa tala, chigaza chimaima koma ubongo umapitirira n'kudzimenyetsa mkati, pena n'kubwereranso kukamenya mbali inayo. N'chifukwa chake munthu akhoza kudzuka opanda bala looneka, n'kumayankhula bwinobwino, patapita maola angapo n'kukomoka. Wotere asamapite kunyumba kukagona, azipita kuchipatala.

Ndisanachoke pa iwe, mass ndi weight usamazisokoneze. Mass ndi makilogalamu, weight ndi force imene dziko likukukoka nayo, W = mg, ndipo g ndi pafupifupi 9.8 koma pa mayeso nthawi zambiri amati gwiritsani 10. Munthu wa 60 kg weight yake ndi 600 N. Atapita ku mwezi mass ikhalabe 60 kg koma weight itsika kufika cha mma 100 N. Ku sikelo ya ana timangoti mwana akulemera 10 kg, palibe vuto, koma pa pepala la mayeso ukalemba weight mu kg wolemba malikisi sakumvera chisoni.

FUNSO: Ndinalemba MSCE chaka chatha, fizikisi ndinapeza 6 ndiye ndikubwereza. Mafunso a momentum ndi impulse, aja amati fotokozani mmene lamba wa mgalimoto amapulumutsira moyo, ndimangolemba kuti amagwira munthu kuti asagwe koma amandipatsa malikisi imodzi yokha. Ndikulakwitsa pati? (Mnyamata wa ku Biwi)

YANKHO: Sukulakwitsa, koma wanena theka. Wolemba malikisi akufuna liwu limodzi, nthawi. Tiye tiwerengere limodzi, tenga pensulo.

Galimoto ikuyenda 72 km/h pa M1. Usanachite china chilichonse sintha kaye, gawa ndi 3.6, ikupatsa 20 m/s. Mkatimo muli munthu wa 60 kg, momentum yake, imene ndi mass kuchulukitsa ndi liwiro, ndi 60 kuchulukitsa ndi 20, ndiye 1,200 kg m/s. Galimoto ikawomba mtengo momentum yonseyo ikuyenera kufika pa ziro, lamba alipo kapena palibe, zimenezo sizisintha. Chimene chimasintha ndi kutalika kwa nthawi yoimira, poti force kuchulukitsa ndi nthawi, imene ndi impulse, ndiye kusintha kwa momentum. Tiyerekeze kuti alibe lamba, wauluka n'kukaima pa galasi kapena pa chitsulo mu 0.02 sekondi. Gawa 1,200 ndi 0.02, ukupeza 60,000 N. Kuti uimve bwino nambala imeneyi, ndi kulemera kwa matumba 120 a chimanga. Tsopano tiyerekeze kuti wamanga lamba, kutsogolo kwa galimoto kukufwanyika, lamba akutamuka pang'ono, munthu uja waima mu 0.2 sekondi. Force yatsika kufika 6,000 N, matumba 12. Zowawabe, nthiti zikhoza kuthyoka, koma kusiyana kwake ndi kwa maliro ndi wodi. Onjezeranso kuti lambayo amagwira pa mafupa olimba, mchiuno ndi pachifuwa, osati pamphumi. Helemeti ya wa njinga yamoto ndi nkhani yomweyi, chofewa cha mkati chija chimafinyika n'kutalikitsa nthawi imene mutu ukuima. Ukalemba choncho malikisi onse ndi ako.

Pali chinthu chimene chimandiwawa ndikachiona pa msewu, mayi wakhala mpando wakutsogolo mwana ali pamiyendo, akuti ndamugwira. Werengera wekha, mwana wa 10 kg pa 20 m/s, aime mu 0.1 sekondi, pakufunika 2,000 N, ngati kunyamula matumba 4 a chimanga ndi manja mwadzidzidzi. Palibe mayi angathe, chikondi chake chichuluke bwanji.

Za liwiro nazo uzigwire bwino chifukwa amakonda kufunsa. Kinetic energy, imene chinthu chimakhala nayo chifukwa chikuyenda, ndi theka la m kuchulukitsa ndi v sikweya, v ndiye liwiro. Munthu wathu uja pa 36 km/h, imene ndi 10 m/s, ali ndi 3,000 J (J ndi joule, muyeso wa energy). Pa 72 km/h ali ndi 12,000 J. Liwiro lawonjezeka kawiri koma energy kanayi, ndipo mtunda woti galimoto iime mabuleki atagwira nawonso ndi kanayi. Kuwomba khoma pa 36 km/h kuli ngati kugwa kuchokera mamita 5, msinkhu wa mtengo wa mango. Pa 72 km/h ndi mamita 20, nyumba ya nsanjika pafupifupi 6. Dokotala wolandira ovulala ku Kamuzu Central akamafunsa kuti galimoto imathamanga bwanji, anamanga lamba, anagwa kuchokera patali bwanji, sakufunsa zongocheza ayi, akufuna adziwe kukula kwa energy imene yalowa mthupi kuti asakhutire ndi bala la kunja lokha.

FUNSO: Lamulo lachitatu likuti action ndi reaction ndi zofanana koma zoyang'ana kosiyana. Ndiye ng'ombe ikakoka ngolo, ngolo nayo ikukoka ng'ombe mofanana, zikuyenda bwanji? Si zikuyenera kuthetsana? (Mtsikana wa ku Mitundu)

YANKHO: Zikanathetsana zikanakhala kuti zonse ziwiri zikugwira chinthu chimodzi, chemwali. Koma imodzi ili pa ngolo, inayo ili pa ng'ombe. Ukafuna kudziwa ngati ngolo iyende, yang'ana ngolo yokha, ng'ombe ikuikokera kutsogolo, friction, kukhuzana kuja, ikuikokera mmbuyo, yakutsogolo ikaposa ngolo inyamuka. Ukafuna za ng'ombe yang'ana ng'ombe yokha, ngolo ikuikokera mmbuyo inde, koma ziboda zake zikukankha nthaka ndipo nthaka ikuikankhira kutsogolo. Nthawi ya dzinja pa matope oterera uja umaona ng'ombe ikupalasa miyendo ngolo osasuntha, mphamvu ilipo koma nthaka yakana kubweza. N'chifukwa chakenso wopereka thandizo kwa munthu amene mtima waima amamugoneka pamalo olimba asanayambe kudinikiza pachifuwa, pa matilesi ofewa thupi lonse limangomira, chifuwa osafinyika masentimita 5 kapena 6 amene amafunika aja.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mayi wa ku Likuni. Mwana wanga amafunitsitsa udokotala, amawerenga mpaka usiku, mafomula onse analemba pa khoma la kuchipinda kwake ndipo amawanena pamtima. Koma mayeso akabwera fizikisi amalakwa. Ndimulipirire pati taimu? Ndalama zake n'zovuta koma ndingayesetse.

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa choima naye mwanayu. Musathamangire kulipira kaye. Ana otere ndawaphunzitsa ambiri, khama ali nalo, vuto ndi loti akangowerenga funso amathamangira kusaka fomula imene ili ndi malemba ofanana ndi a mu funsolo, n'kuthiramo manambala. Funso likangotembenuzidwa pang'ono basi asokonekera. Mwa maganizo anga pati taimu imene ingomuwonjezera manotsi ena oloweza ndi kutaya ndalama zanu. Ngati mungamupezere wina, akhale woti azimukhazika pansi mwanayo n'kumawerengera yekha iye akuyang'ana.

Mumuuze ayambe chizolowezi ichi, ndipo asachiphonye olo funso lioneke lophweka. Asanalembe fomula iliyonse ajambule chinthu chimene akufunsacho, kabokosi chabe n'kokwanira. Kenako adzifunse kuti chikukhudza chinthuchi n'chiyani, chingwe, nthaka, dzanja, mpweya, chilichonse chokhudza achiikire muvi wake, pamwamba pa izo aonjezere muvi umodzi wa weight woloza pansi. Akatero aone ngati mivi ikuthetsana kapena pali yotsala, pomaliza ndi pamene fomula ibwere. Ndipo mayunitsi asinthe poyambirira, magalamu akhale makilogalamu, masentimita akhale mamita pamene pakufunika, km/h ikhale m/s. Malikisi ambiri amathera pamenepa. Mapepala akale a MANEB awayankhe ndi wotchi pambali, osati kungowerenga mayankho ake.

Inunso mukhoza kumuyesa pakhomo pomwepo ngakhale fizikisi simunaiphunzire. Mupatseni chigubu cha malita 5 chodzadza madzi, achigwire mdzanja chigongono atapinda, mkono wakutsogolo uli chopingasa. Madzi a malita 5 ndi 5 kg, ndiye 50 N. Mumufunse kuti mnofu wa kutsogolo kwa mkono, uja anyamata amatupitsa poonetsa mphamvu, ukukoka ndi force yochuluka bwanji. Woloweza ayankha 50 N. Wojambula aona kuti chigongono ndi pokhotera, chigubu chili pa mtunda wa masentimita ngati 32 kuchokera pamenepo, pomwe mnofuwo unamatirira pa fupa masentimita ngati 4 okha kuchokera pa chigongono. Ndiye 50 kuchulukitsa ndi 32, kugawa ndi 4, yankho ndi 400 N, kasanu ndi katatu kuposa katundu amene wanyamula, tisanawerengere kulemera kwa mkono weniweniwo. Akadabwa ndi nambala imeneyi n'kufuna kudziwa chifukwa chake, mwanayo ali pa njira yabwino. Msana umagwiranso ntchito chimodzimodzi, n'chifukwa chake manesi amaphunzitsidwa kupinda mawondo ndi kumuyandikitsa wodwala pathupi pomunyamula, katundu akatalikira msana minofu ya mmunsi imakoka kowirikiza.

Akakhoza limenelo mumupatse ili, ndipo owerenga ena nonse muyesenso. Chigubu cha malita 20 pamutu ndi 200 N, kaya mwaika nkhata kaya simunaike, ndipo nkhatayo imawonjezeranso kakulemera kake pang'ono. Nanga bwanji ndi nkhata mutu suwawa msanga? Mukapeza yankho mundiuzenso chifukwa chake singano ya jakisoni imalowa pakhungu mosavuta pomwe chala chokankha ndi mphamvu yomweyo sichilowa, komanso chifukwa chake wodwala wosatha kudzitembenuza amatuluka zilonda pa chidendene ndi kumunsi kwa msana, moti amayenera kutembenuzidwa maola awiri aliwonse. Mafunso atatuwa yankho lake ndi limodzi. Tumizani mayankho anu pamodzi ndi chojambula chanu, abwino ndidzawaika mu kope la mwezi wamawa.